Kudzala Mitengo Yatsopano Kapena Kuteteza Nkhalango Zakale?

Bonn Challenge, ntchito ya mayiko ambiri yomwe inayamba mu 2011, ikufuna kubwezeretsa nkhalango pa mahekitala 350 miliyoni a malo owonongeka pofika 2030. Njira yodzala mitengoyi imakoma m'maso: nduna yagwira khasu, mbande ili m'manja, atolankhani akujambula. Koma mbande imatenga zaka zambirimbiri kuti isunge kaboni (wochokera mu mpweya wotenthetsa dziko) wofanana ndi wa mtengo waukulu, ndipo zina zimauma chilimwe choyamba chomwe.

Ku Glasgow, mzinda wa ku Scotland, mu 2021, mayiko oposa 140 analonjeza kuthetsa kuwononga nkhalango pofika 2030. Lonjezoli ndi lowawa, chifukwa limagunda matumba a oweta ng'ombe ku Brazil ndi olima kanjedza wa mafuta ku Indonesia. Ine mtima wanga uli kumeneku, koteteza nkhalango zakale. Nkhalango yakale ikagwa, akasupe amaphwa, nthaka imakokoloka, mbalame zimathawa, pamene mbande zija zidakali m'mawondo.