Gold Reef City ndi ana: yambani mwayeza msinkhu wa wamng'ono

Kwa banja lomwe likufuna kulawa koyamba paki yaikulu yamasewera, Gold Reef City ndi malo oyenera ndalama zake. Ili ku Ormonde, kumwera kwa Johannesburg, pafupi ndi msewu wa M1, ndipo tsiku limodzi limakwana bwinobwino ngati mwalikonzekera muli kunyumba. Ife tinapita pa tchuthi cha Disembala ndi ana athu, mtsikana wa zaka 11 ndi mlongo wake wa zaka 6, pamodzi ndi apongozi anga aamuna omwe anabwera kudzationa kuchokera ku Ntcheu.

Musanagule tikiti, muimikeni mwana aliyense kukhoma, mumuyeze ndi tepi. Kumeneku sayang'ana zaka, amayang'ana kutalika. Zokwera zoopsa zimafuna munthu wofika mita 1.3, ndipo pakhomo pa chokwera chilichonse pamakhala wantchito woyeza ana. Anthu amenewa sanyengereredwa ngakhale mwana ataperewera kachala kamodzi, ndipo ine ndikuwayamikira, chifukwa chitsulo chomugwira munthu pampando sichingagwire bwino thupi laling'ono. Wathu wamng'ono sanafike pamenepo. Tinamuuziratu kudakali masiku, tinamuonetsa pa foni zithunzi za zomwe adzakwere iyeyo, moti kulira kwake kunathera kunyumba. Pamzere wa Anaconda, chimodzi mwa zokwera zoopsazo, ndinaona kamnyamata kena kataimirira pa zala zakumapazi, khosi katalitambasula kuti kapose chizindikiro, mayi ake akuchonderera. Anabwezedwa ndithu, ndipo chisangalalo cha banja lonse chinasokonekera pomwepo.

 Matikiti gulani pa intaneti, ndipo pomwepo muone masiku otsegula, chifukwa sukulu zikakhala zili mkati sikuti amatsegula tsiku lililonse.

Fikani zipata zisanatsegulidwe. Ola loyamba ndi la mtengo wapatali: mizere imakhala yaifupi, dzuwa lisanalimbe. Ife tinagawana, bambo ake anatenga wamkulu kulunjika ku zoopsazo, ine ndi apongozi tinatsala ndi wamng'ono ku gawo la ana. Anaconda imakupachikani pansi pa njanji, miyendo ili lendelende, n'kukutembenuzani chadodolido. Golden Loop imachoka ndi liwiro lodzidzimutsa, kuzungulira chamutu, kenako n'kubwerera chambuyo njira yomweyo. Tower of Terror ndiye imakukwezani pang'onopang'ono pansanja yachitsulo ya pamgodi, imaima kaye m'mwamba kuti muone pomwe mukukagwera, n'kukuponyani m'dzenje. Mtsikana wathu anatsika akunjenjemera mawondo koma akupempha kubwereza. Amene ali ndi vuto la mtima, la msana kapena ali woyembekezera awerenge machenjezo olembedwa pakhomo, asachite zokakamizidwa ndi anzake.

Zokwera za m'madzi zisungireni masana, kutatentha. Mudzanyowa mpaka zam'kati, choncho mwana mumutengere zosinthira, foni muiike m'kajumbo. Johannesburg ili pamtunda kwambiri, dzuwa lake limawotcha khungu ngakhale kukuwomba kamphepo, ndiye zipewa ndi madzi akumwa musaziiwale. Komanso nyengo ya Disembala mvula ya mabingu imakonda kubwera chakumadzulo, ndipo mphezi zikayamba zokwera zazitali amaziimitsa. N'chifukwa chake zazikuluzo muyenera kuthana nazo m'mawa.

Mwana wamng'ono mumulembe nambala yanu ya foni pamkono ndi cholembera, ndipo mukangolowa mugwirizane malo amodzi okumanirana wina akasochera. Chakudya chamasana idyani ena asanaganize zodya, cha m'ma 11:30, mudzapeza pokhala mosavuta.

Koma chimene chandichititsa kulemba ndemangayi ndi mgodi. Pakiyi anaimanga pa Shaft 14 ya Crown Mines, mgodi weniweni wa golide womwe unatsekedwa mu 1971, ndipo nyumba zake anazimanga motsanzira Johannesburg ya masiku oyambirira, golide atangopezeka mu 1886. Alendo amatsikira pansi. Amakupatsani chisoti ndi nyali, mumalowa m'chikepe, chitseko chachitsulo n'kutsekeka, kuwala kwa kunja n'kuzimiririka. Pansipo mpweya ndi wachinyontho, makoma ndi thanthwe lokhalokha, ndipo wokuperekezani amafotokoza mmene anthu ankaboolera mwala ndi kuuphulitsa. Mabanja ambiri amathamangira zokwera n'kudumpha gawo limeneli. Kwa ife Amalawi kutero n'kuluza, chifukwa ku Joni kuno makolo athu ambirimbiri anabwera kudzera ku Wenela, bungwe lomwe linkalemba anthu ntchito za kumigodi, kudzagwira ntchito yomweyi.

Apongozi anga, omwe tsiku lonse ankangoyang'anira zikwama mwakachetechete, pansi pamenepo anamasuka. Achimwene awo anapita ku Wenela ali mnyamata, anabwera ndi sutikesi yachitsulo, wailesi ndi chifuwa chomwe sichinawasiye mpaka kumwalira. Anagwira khoma ndi dzanja, n'kuuza adzukulu awo kuti: "Malata a nyumba ya kwathu ija anachokera m'malo ngati ano." Anawafotokozeranso za ndege yomwe inagwa ku Francistown, m'dziko la Botswana, mu 1974 itanyamula Amalawi ochokera kumigodi, ngozi yomwe inachititsa Kamuzu kuletsa Wenela kulemba anthu ntchito kwathu. Mtsikana wathu anafunsa mafunso ambiri kuposa amene amafunsa za homuweki, ndipo agogo ake anamuyankha onse modekha. Ine ndinaona kuti mtengo wa matikiti onse unabwerera pamenepo.

Mukatuluka, kaoneni pomwe amasungunula golide n'kumuthira m'chikombole. Amayenderera ali psuu ngati phala la moto, ndipo kutentha kwake mumakumva muli chapatali. Ulendo wa pansi ndi chionetserochi zili ndi nthawi zake, ndiye mukangolowa funsani nthawizo, malipiro ake, ndiponso ngati mwana wa msinkhu wa wanuyo akuloledwa kutsika, kenako tsiku lanu mulikonze mozungulira pamenepo. Amene amabanika m'malo opanikizika angachite bwino kudikira kumtunda.

Pafupi pomwepo pali Apartheid Museum, nyumba yosungiramo mbiri ya ulamuliro wa tsankho, yomwe inatsegulidwa mu 2001. Ndi malo ofunika kuwaona, koma musawaphatikize tsiku lomweli. Zomwe zili m'menemo n'zolemera, zimafuna maola angapo ndi mtima wodekha, osati miyendo yotopa ndi ana onyowa.

Ngati ana anu onse sanakwane zaka 4, ndingakulangizeni kuti mudikire kaye, chifukwa zambiri adzangoziona ndi maso ndipo masana asanakwane adzakhala akufuna kubelekedwa. Kuyambira zaka 6 kupita m'tsogolo, pitani osakayika. Ndalama za zoseweretsa zopatirapo mphoto ndi za ayisikilimu muzipatule padera, mwana aliyense adziwe zake m'mawa momwe. Ndipo nyamukani patatsala pang'ono kuti atseke, khamu lonse lisanakhamukire ku magalimoto, makamaka ngati mukudalira Uber kapena Bolt pobwerera.