Kaspika kokweza mawu kovala m'chiuno: katundu wabwino, wogulitsa wamwano

Nyenyezi zitatu pa zisanu. Ziwirizo zachoka chifukwa cha mnyamata wa pakauntala.

Achemwali anga ali ndi multiple sclerosis, adawapeza nayo ku Blantyre atawajambula pa MRI, makina ounika m'kati mwa thupi. Pa matendawa chitetezo cha m'thupi chimadya chikuto cha minyewa ya mu ubongo ndi mumsana, ndiye uthenga wopita ku lilime, kukhosi ndi pachifuwa umachedwa. Mawu awo amatuluka ofooka, osasa, nthawi zina odukaduka, ndipo akatopa kapena kukatentha ngati mu Okutobala zimanyanya. M'mawa mumamvana bwinobwino, masana ndiye kuchita kusendera pafupi.

Tidapita limodzi kushopu ya zamagetsi ya kufupi ndi depoti kuti akayese okha kaspikako. Atangoyamba kufunsa za batire, mnyamatayo adatsinzinira mnzake n'kundifunsa, "Achimwene, amayiwa alawako kale m'mamawa muno?" Pamaso pawo! Munthu woti waphunzitsa ana a eni ake zaka zambirimbiri, ndodo ili m'manja. Nditamuuza kuti ndi matenda, amvekere, "Ndiyetu mukanapita nawo kumapemphero." Kuchoka apo funso akufunsa iwo, yankho akupatsa ine, ngati iwowo palibe. Achemwali adamusiya amalize, kenako mwapang'onopang'ono adati, "Mwanawe, chovuta ndi pakamwa. Makutuwa ndi abwino." Mnzake uja adalowa kuseri. Ine ndidafuna kutuluka, koma mtauni muno tidali titazungulira osakapeza, ndipo kukwera nawo minibasi mpaka ku Limbe si zamasewera. Mtengo udali womwe tidauona pa Facebook, sadachotsepo olo K500, risiti mpaka kuchita kupempha.

Koma kunena mosapsatira, kaspikako kamagwira ntchito. Ku Mvano adawerenga okha vesi, amayi a kumabenchi akumbuyo adamva, mpaka wina adafunsa kuti kagulidwa kuti. Sakulimbananso ndi kukuwa, ndiye mpweya umawakwanira mpaka kumapeto kwa chiganizo, ndipo madzulo satopa ngati kale. Ali kuchipinda atha kuitana mwana ali pampopi. Batire amafika madzulo, amatchajidwa ndi chingwe cha foni, magetsi akazima pawabanki imathandiza.

Musayembekeze kuti kawongola mawu. Kamangokweza basi, mawu okoka amatuluka okoka momwemo. Zimenezo zimafuna katswiri wophunzitsa kalankhulidwe, ndipo anthu otere m'Malawi muno ndi ochepa. Maiki ikayandikira kuspika imalira mpaka kugonthetsa, ndiye muzikavala cha m'mbali. Mabatani ndi ang'onoang'ono kwambiri kwa munthu amene zala zimachita dzanzi, timachita kuwayatsira ife. Waya wa maiki ndi woonda, tamukulunga kale ndi tepi.

Ngati mukukagula, pitani masana mukapeze mayi wachikulire amakhala pa ndalama uja, ndipo muyese maikiyo muli pompo. Mnyamatayo musataye naye nthawi.