Minibasi, kabaza, njinga kapena wapansi: n'chiti chikutipulumutsa mu Blantyre mafuta akamakwera?

Mu Novembala 2023, kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, bungwe loona za mitengo ya mafuta la MERA linakweza petulo kufika pa K2,530 pa lita, dizilo pa K2,734. Pofika Okutobala 2025 petulo anali pa K3,499, dizilo pa K3,500. Amene akudikira kuti mitengoyi ibwerera mmbuyo adikira mpaka kalekale, chifukwa mafuta timagula kunja ndi madola amene tilibe, n'kuwakoka ulendo wautali kuchokera ku madoko a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam. Ethanol wa ku Chikwawa ndi ku Dwangwa amene amasakaniza mu petulo amathandizako, koma ndi gawo lochepa la lita. Chimene tingasinthe ife ndi kayendedwe kathu, ndiye tiyeni tiziyike pambali imodzi njira zimene anthu a mu mzinda uno tili nazo.

Galimoto yanuyanu ndi imene imaluma kwambiri, ndipo masamu ake ndi achidule. Tinene kuti kagalimoto kanu kamayenda makilomita 12 pa lita, ndipo kupita ndi kubwera kuntchito ndi makilomita 20. Masiku 22 ogwira ntchito ndi makilomita 440, kutanthauza malita pafupifupi 37. Pa mtengo wa K2,530 zinali cha m'ma K93,000 pamwezi. Pa K3,499 ya mu Okutobala 2025 zinali cha m'ma K128,000. Apa sitinawerengere kutchalitchi, kumaliro, kapena mafuta amene amapsa injini ikungolira pa mndandanda wa m'mawa pa Chipembere Highway, kuyambira pa Chichiri mpaka pa Ginnery Corner. Galimoto imayamba kukhala ndi nzeru mukakwera anayi. K128,000 ija mukaigawana ikhala K32,000 munthu mmodzi. Koma anzanga, gwirizanani zonse kusanache: nthawi yonyamukira, ndalama kutumiza pa Mpamba kapena Airtel Money mwezi ukamayamba, komanso kakang'ono ka matayala ndi sevisi. Kukwera galimoto limodzi nthawi zambiri kumatha osati chifukwa cha mafuta, koma chifukwa cha munthu mmodzi amene tsiku lililonse amati "ndikutuluka" ali m'bafa.

Minibasi, ngakhale timainyoza, ndi imene imagawa lita imodzi kwa anthu ambiri. Hiace yodzaza imamwa mafuta ochuluka kuposa kagalimoto kanu, inde, koma ogawana ake ndi khumi ndi mphambu. Pa ulendo wautali, monga kuchokera ku Machinjiri, Chileka kapena Chigumula, palibe chinanso chamafuta chimene chingaipose pa kutsika mtengo.

Vuto lake lili pawiri. Loyamba aliyense akulidziwa: mafuta akakwera usiku, m'mawa kondakitala wakweza kale, ndipo akasowa pa filing'i siteshoni, madalaivala n'kuyamba kugula a m'zigubu, mtengo umauluka osadikira chilengezo cha wina aliyense. Mvula ikangoti wa! cha m'ma faifi pa Mibawa kapena ku Limbe, yembekezani mtengo wina. Koma kusakhazikika komweko kuli ndi ubwino wake. Masana minibasi zikamayenda ndi mipando yopanda anthu, kondakitala amamva kunenerera, ndipo amene akuyenda mosemphana ndi khamu, kutuluka m'tauni m'mawa, salipira ngati amene akulowa. Ngati ntchito yanu ndi yoti mutha kusuntha nthawi, monga kukapikula katundu ku Limbe, musapite nthawi ya ana asukulu.

Vuto lachiwiri ndi limene sitimalilabadira, pomwe ndi limene limatidyera ndalama. Minibasi zambiri zimathera m'tauni kapena ku Limbe. Munthu wa ku Bangwe wogwira ntchito ku Chirimba amakwera katatu: kufika ku Limbe, kutsika ku Blantyre, kenako ya ku Chirimba. Madzulo chimodzimodzi. Ndipo mtengo wa minibasi sutsika molingana ndi kufupika kwa mtunda. Kaulendo ka siteji ziwiri kamakhala kodula kwambiri mukakawerengera pa kilomita. Ndiye pa ulendo wanu wonse, mbali yokwera mtengo si yaitali ija, koma tizidutswa tating'ono ta kumayambiriro ndi kumapeto.

Apa m'pomwe pakubwera kabaza. Njinga yamoto imamwa pang'ono, lita imodzi ikhoza kupitirira makilomita 30, ndiye ena amaganiza kuti ndiyo njira yosungira. Kwa mwini njinga n'zoona. Kwa wokwera ayi, chifukwa mafuta onse, phindu la wakabaza ndi ndalama imene iye akukapereka kwa abwana ake madzulo, zonse zili pa mutu wanu nokha. Kabaza ali ngati kachibowo ka pansi pa ndowa: tsiku limodzi simuona kanthu, koma lembani pa pepala zonse zimene mwapereka kuchokera pa siteji kukafika pakhomo kwa mwezi wathunthu, mudzapeza kuti mwina zafanana ndi za minibasi yonse.

Sindikunena kuti akabaza alibe ntchito. Kumtunda kwa Ndirande, Soche, Chilobwe kapena Bangwe, kumene msewu unasanduka ngalande, minibasi siifika. Mukakhala ndi wodwala, thumba la chimanga, kapena kwakuderani, kwerani ndithu. Koma kabaza wa chizolowezi, wongoti dzuwa lawala pang'ono, ndi amene ayenera kuyamba kuchoka pa bajeti. Palinso mtengo wina wosaoneka pa siteji. Amene anakazondako wodwala ku wodi ya mafupa ku chipatala cha Queens akudziwa kuchuluka kwa miyendo imene yathyoka pa njinga zimenezi, ambiri okwera opanda helemeti.

Njinga yakapalasa pa nkhani ya ndalama ilibe mnzake. Mukagula mwagula, chotsala ndi machubu, masipoko ndi girizi. Kungoti Blantyre si Salima kapena Nsanje. Mzinda uno unamangidwa pakati pa mapiri a Ndirande, Soche, Michiru ndi Bangwe, ndipo paliponse pali chitunda. Funsani abambo amene amakankha njinga za makala m'bandakucha. Misewu yambiri ilibenso malo a wapanjinga, mumapikisana ndi minibasi imene ikhoza kuima paliponse pamene yaona munthu. Komabe kwa ena imakwanira bwino. Limbe ili pamtunda kuposa Blantyre, ndiye wokhala mbali ya ku Limbe n'kumagwira ntchito m'tauni amatsetsereka m'mawa, kufika malaya ali ouma, thukuta n'kudzatuluka madzulo popita kwawo kumene kuli madzi osamba. Wokhala ku Chirimba n'kumagwira ntchito ku Limbe zimamutembenukira. Mukasankha njinga, pezani ya magiya, loko wolimba, ndi malo oisungira mkati mwa mpanda kuntchito, apo ayi mudzabwerera wapansi musanafune.

Za njinga zamoto zoyendera magetsi sinditalikitsa. Nzeru yake ndi yabwino, pakuti magetsi athu ambiri amachokera mu mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, osati m'sitima za mafuta. Koma ndalama yoyambira ndi yambiri, batire likafooka mulibe mtendere, ndipo tonse tikukumbukira mmene namondwe Ana anagumulira Kapichira mu Januwale 2022, mdima n'kutikhalira kupitirira chaka. Ndi ya munthu amene njinga ndi ofesi yake, woyenda tsiku lonse.

Kuyenda wapansi anthu a ku Ndirande sanayambe lero. M'mawa uliwonse mtsinje wa anthu umatsikira ku mafakitale a ku Makata ndi Ginnery Corner, ena a ku Mbayani kulowa m'tauni, a ku Zingwangwa kudutsira ku Queens. Chimene chasintha n'choti tsopano mumzerewo mukupezekanso a mataye, nsapato za ku ofesi zili m'chikwama. Miyezi ya chiperoni, Juni ndi Julaye, kuyenda kumakoma. Mu Okutobala nyamukani dzuwa lisanakwere. Nthawi ya dzinja ndiye samalani ndi njira zachidule zowoloka Mudi ndi Nasolo, madzi ake amadzaza mwadzidzidzi ngakhale mvula itagwa kumtunda kokha. Kukada musayende nokha, ndipo foni ikhale m'thumba.

Ine kuona kwanga, wapansi si wopikisana ndi minibasi koma mnzake. Mtunda wautali siyirani minibasi, tizidutswa tija dulani ndi miyendo. Wa ku Ndirande, Mbayani kapena Zingwangwa akhoza kuyenda m'mawa kuli kozizira n'kukwera madzulo okha, ndalama ya thiransipoti yatsika ndi theka. Wa ku Bangwe uja sangayende mpaka ku Chirimba, koma akachotsa kabaza wa pakhomo ndi kupeza anzake atatu a galimoto imodzi ngakhale masiku awiri pa sabata, kusiyana adzakuona. Ndipo maulendo ena n'ngosafunika n'komwe: mayunitsi a ESCOM ndi bilu ya madzi zimalipirika pa foni, ndipo kupita ku msika wa Limbe kamodzi ndi chikwama chachikulu n'kotsika mtengo kuposa kupita katatu ndi jumbo.