Cape Fear ziwiri m'bokosi limodzi: mafilimu abwino, wogulitsa wabodza

Ndapereka nyenyezi ziwiri, ndipo zonsezo ndi za mafilimuwo. Sitoloyo ilibe yake.

Ndinagula bokosi lija la ma DVD awiri, Cape Fear ya 1962 ndi ya 1991, pa mtengo wokwera. Ndisanalipire ndinamufunsa bwinobwino mnyamata wa pakauntala kuti kunyumba kuli mtsikana wa Fomu 1, komanso apongozi anga abwera kuchokera kumudzi, kodi zimenezi tingaonere limodzi? Iye maso ali pa foni, osandiyang'ana n'komwe, anangoti, "Aa, musadandaule mayi, nkhani ndi imodzimodzi, yatsopanoyo angoiika mitundu basi. Yambani yatsopanoyo, yakaleyo mugona nayo tulo."

Loweruka madzulo tinaika ya 1991 monga ananenera. Poyamba zinkayenda bwino. Robert De Niro ndiye Max Cady, watuluka m'ndende atagwira ukaidi wa zaka 14, thupi lonse zolembalemba, ndipo akusaka loya wake wakale. Kenako akumana ndi mayi wina wogwira ntchito kukhothi, amwa naye mowa, apita kuchipinda akuseka. Mwadzidzidzi wam'manga unyolo m'manja, wam'potokola mkono, n'kumuluma tsaya mpaka kuchotsa nyama, kuilavulira pansi. Kamera osathawa ayi. Mwana wanga anakuwa n'kubisa nkhope pamsana panga. Ine manja akunjenjemera, rimoti osaipeza. Apongozi anaimirira, kukonza chitenje, n'kunena mawu ochepa chabe: "Zoonetsa ana zimenezi, mayi ake a mwana?" Anakagona osadya, nsima ili patebulo. Amene muli ndi apongozi mukudziwa kuti manyazi otere satha ndi kugona.

M'mawa mwake nditamatula kapepala ka mtengo pabokosi, pansi pake panali chizindikiro chofiira cha 18. Anachimata pomwepo ndendende, malo ena onse alipo! Lolemba nditabwerera, mnyamata yemweyo anandiyankha kuti zotsegula sabweza, abwana kulibe, ndipo sakukumbukira kuti ananena zimenezo. Sindinkafunanso ndalama. Ndinkangofuna mawu akuti pepani, koma sanatuluke.

Komabe chilungamo chinenedwe. Ana atagona tsiku lina tinaika yakaleyo ndi amuna anga, ija ankati tigona nayo tulo. Sitinagone. Robert Mitchum, amene ndiye Cady m'yakaleyi, safuula, sathamanga, amangoyenda pang'onopang'ono, chipewa pamutu, ndudu yaikulu kukamwa, n'kumayang'ana mwana wamkazi wa loya Sam Bowden (Gregory Peck) mwa njira yoti mayi aliyense mtima umagunda. Nthawi imeneyo ku America kunali malamulo okhwima a zoonetsa m'mafilimu, moti liwu lenileni lonena za kugwiririra silimveka mufilimu monse, ngakhale nkhani yonse yagona pomwepo. Ku Britain nakonso oyang'anira mafilimu anadulamo zina asanailole. Ndiye J. Lee Thompson, amene anawongolera filimuyi, anachita kuzungulira. Cady akamazunza mkazi m'chipinda, sutiona nkhonya zake; timangodzaona mkaziyo pambuyo pake, nkhope yotupa, akukana kukapereka umboni chifukwa cha mantha ndi manyazi. Chakumapeto, m'boti, Mitchum aphwanya dzira m'dzanja n'kulipaka pachifuwa cha Polly Bergen, mkazi wa Bowden mufilimumo. Palibe dontho la magazi, koma ine ndinamva nseru kuposa pa tsaya lija. Zimene anabisa mutu wanga unazimaliza wokha, ndipo zinakhalitsa.

Kenako tinamaliza ya 1991 ija, imene anawongolera Martin Scorsese, ndipo apa mkwiyo wanga unaphwako pang'ono. Si filimu yachabechabe. Malamulo akale aja anatha mu 1968, m'malo mwake kunabwera kuika mafilimu m'magulu a msinkhu, ndiye pofika 1991 anali ndi ufulu woonetsa zonse, ndipo anaonetsadi mopitirira. Koma anasintha chinthu chanzeru. M'yakale Sam Bowden ndi munthu wolungama amene anangochitira umboni mlandu wa Cady. M'yatsopano, Bowden (Nick Nolte) ndi loya amene ankayenera kumuteteza koma anabisa dala chikalata chimene chikanam'thandiza, ndipo banja lake lili ndi ming'alu kale. Umayamba kudzifunsa kuti woyera ndani pamenepa. Malo oopsa kwambiri nawonso alibe magazi: Cady anamizira kukhala mphunzitsi wa zisudzo, n'kumunyengerera mwana wamkazi wa Bowden (Juliette Lewis) m'holo ya pasukulu, mawu ofewa, mtsikanayo akumwetulira. Amene ali ndi mwana wamkazi sangaonere pamenepo ali phee. De Niro ndi Lewis anasankhidwa kupikisana pa mphoto za Oscar, ndipo ndikuvomereza. Zinandisangalatsanso kuona Peck ndi Mitchum atakalamba akubweranso m'tizigawo tating'ono, Peck ali loya wa Cady, Mitchum ali wapolisi, komanso nyimbo za Bernard Herrmann zomwe zija za mu 1962.

Ngakhale zili choncho, ine ndili kumbali ya yakale. Kuluma tsaya kuja sikunawonjezere kanthu kamene ndinalibe kale.

Musamvere zoti nkhani ndi imodzimodzi. Yatsopanoyo ndi ya akuluakulu okhaokha, ndipo yakaleyonso si ya ana, ngakhale ilibe magazi. Ma DVD enieniwo ndi abwino, chithunzi choyera, sadumphadumpha, ngakhale mawu a yakaleyo ndi otsika, muyenera kukweza. Uthenga umene ndinawalembera eni sitolo wonena za kapepala ka mtengo kaja sanauyankhe mpaka lero, ndipo nditadutsako sabata yatha mabokosi ena anali akadali omatidwa chimodzimodzi.