Flywheel ya chitsulo chimodzi m'malo mwa dual mass: mmene yandiyendera

Galimoto yanga ndi ya dizilo, ya magiya osintha ndi dzanja, ndipo inabwera ndi flywheel (chitsulo cholemera chozungulira chokhala pakati pa injini ndi kilatchi) ya dual mass, yomwe ndi zitsulo ziwiri zolumikizidwa ndi masipuling'i opindika okhala mu girisi. Kampani ya LuK ya ku Germany inayamba kupanga mtunduwu mu 1985 pofuna kuti kugwedezeka kwa injini kuzithera pomwepo, kusanafike ku giyabokosi. Yangayo itatha, inkagogoda nthawi iliyonse ndikamazimitsa injini, ndipo makaniko ataitsitsa anandionetsa mmene chitsulo chachiwiri chinkasewerera akachipotoza ndi dzanja, girisi wakuda atamwazikira m'mbali. Ndinasankha kugula seti yosinthira, momwe munali flywheel ya chitsulo chimodzi ndi zigawo za kilatchi: clutch plate, pressure plate ndi release bearing.

Poimanga sipanavute. Mano a m'mphepete mwake anagwirana bwino ndi sitata, ndipo m'bokosimo munalinso mabauti atsopano omangira ku crankshaft (mtanda wozungulira wa m'kati mwa injini), chinthu chomwe ndinachiyamikira chifukwa mabauti amenewa pa injini zambiri amatamuka akamangidwa ndipo sayenera kubwezedwapo kachiwiri. Kilatchi ikugwira molimba, ngakhale ponyamuka pachitunda galimoto itadzaza katundu.

Vuto lake limamveka ndi khutu. Injini ikamalira galimoto itaima, giya ili pa fili, m'giyabokosi mumamveka kuphokosera ngati timiyala tikugubuduzika m'chitini, ndipo mukangoponda kilatchi phokosolo limatheratu. Sikuti china chawonongeka ayi. Masipuling'i omeza kugwedezeka tsopano ndi aang'ono aja okhala pakati pa clutch plate, ndipo sangafanane ndi ataliatali a mu dual mass, makamaka pa dizilo yomwe imaphulitsa mafuta mwamphamvu. Ndikayenda pang'onopang'ono pa giya yapamwamba, thupi lonse la galimoto limanjenjemera, choncho ndazolowera kutsitsa giya msanga. Amene amakhala pa mzere wa magalimoto tsiku ndi tsiku akhoza kutopa nalo phokosoli, ndipo kwa iwo sindingalimbikitse flywheel ya chitsulo chimodzi.

Eni magalimoto ambiri a otomatiki nkhaniyi siikuwakhudza, ngakhale ogulitsa ena amasakaniza mayina. Magalimoto amenewa ali ndi flexplate, chitsulo chopyapyala cholumikiza injini ndi torque converter (chipangizo chogwira ntchito ya kilatchi), ndipo kulemera kofunikako kumachokera ku converter yodzaza ndi oyilo. Flexplate ikatha imang'aluka mozungulira mabauti apakati, n'kumagogoda ngati mabeyaring'i a injini afa.

Chinandikopa ine n'chakuti flywheel ya chitsulo chimodzi ilibe masipuling'i oti n'kutha, ndipo ndikadzasinthanso kilatchi ikhoza kungopalidwa pamakina n'kubwezedwapo, pomwe dual mass kawirikawiri imafuna kugula ina yatsopano.