Maimelo a pa loji yathu ku Zomba: mmene zayendera chikonzereni SPF, DKIM ndi DMARC

Chaka chatsala pang'ono kukwana chikonzereni maimelo a pa loji yomwe ndimayang'anira kuno ku Zomba, m'munsi mwa phiri, kufupi ndi msewu wokwera ku Ku Chawe. Titangokonza ndinauza anzanga ena a malo ogona alendo kuti zatheka, koma masabata oyamba saonetsa zambiri. Pano tadutsa dzinja lonse, chipwirikiti cha Khrisimasi, komanso miyezi yozizira imene alendo akunja amachuluka. Ndiye ndingathe kunena zimene zagwira, zimene zinasokonekeranso pakati, ndi zimene kukonzako sikunakhudze n'komwe.

Vuto linali lotere. Mlendo wa ku Netherlands kapena Germany ankalemba kufunsa chipinda, ife n'kuyankha tsiku lomwelo, mitengo ndi kalipiridwe ka dipoziti zonse zili momwemo, kenako zii. Pakapita masiku ankalembanso modandaula kuti sitinamuyankhe, kapena tinkangomva kuti wagona kwina. Amabungwe a ku Lilongwe ndi Blantyre obwera kudzachita misonkhano ankaimba foni kufunsa kotesheni yomwe tinatumiza kalekale. Ena ankaipeza mu spam, ena osaipeza paliponse. Zinafika poipa mu 2024, ndipo chifukwa chake chilipo. Kuyambira Febuluwale chaka chimenecho Gmail ndi Yahoo anakhwimitsa malamulo: aliyense wotumiza imelo ayenera kukhala ndi SPF kapena DKIM, zomwe ndi njira zotsimikizira kuti imelo yachokeradi kwa mwini dzina, ndipo wotumiza maimelo ambiri (ku Gmail, 5,000 kapena kuposa patsiku) ayenera kukhala ndi zonse ziwiri pamodzi ndi yachitatu yotchedwa DMARC. Ife ngakhale 100 patsiku sitifika, koma lamulo loyambalo linkatikhudza, ndipo domain yathu, dzina lija lobwera pambuyo pa @ mu adiresi ya imelo, inalibe chilichonse mwa zimenezi chokonzedwa bwino.

Amene anatitsegula maso ndi mwana wa achemwali anga, yemwe amaphunzira zamakompyuta ku Chirunga. Anabwera Loweruka masana, nakhala pa kompyuta ya pa risepushoni. Sanayambe ndi kusintha kanthu. Anafufuza mauthenga aja ochokera kwa mailer-daemon, odziwitsa kuti imelo yabwerera, omwe anali atangounjikana osawerengedwa poti amaoneka ngati zinyalala, natsegula umodzi, n'kuloza ndi cholembera pa sikirini. "Amalume, matenda ake alembedwa apa. Onani nambala iyi." Panali 550 5.7.26, ndipo mawu otsatira ankanena kuti Gmail yakana imeloyo chifukwa wotumiza sanatsimikizike. Anandiphunzitsa chinthu chimene ndimagwiritsa ntchito mpaka lero: nambala yoyamba ndi 4 ndi vuto la kanthawi, seva (kompyuta yotumiza maimelo) iyesanso yokha, pomwe yoyamba ndi 5 ndiye kuti yakanidwa basi, kaya mudikire mpaka mawa. Kenako anatumiza imelo ku adiresi yake ya Gmail, nadina Show original, ndipo pamwamba panaoneka mizere yonena ngati SPF, DKIM ndi DMARC zadutsa kapena zalephera. Pa zonse zimene tayesa, njira ziwiri zaulerezi ndi zimene zatithandiza kwambiri, kuposa chida chilichonse cha pa intaneti.

Zitatu zija ndi timizere ta mawu tolembedwa mu DNS ya domain yanu, yomwe ili ngati kaundula wa pa intaneti wosunga zambiri za domainyo. SPF imatchula maseva ololedwa kutumiza imelo m'dzina lanu. DKIM ili ngati chidindo cha amfumu pa kalata: seva yanu imadinda imelo iliyonse ndi kiyi yachinsinsi, wolandira amayerekeza ndi kiyi ina yomwe mwaika poyera, ndipo wina akasintha mawu panjira chidindocho sichigwirizananso. DMARC imauza wolandira chochita imelo ikalephera, komanso kumene angatumize malipoti. Kulemba timizereti sikunatenge nthawi. Ntchito yeniyeni inali kupeza zonse zimene zinkatumiza maimelo m'dzina lathu, ndipo zinapezeka zitatu osati chimodzi monga tinkaganizira: bokosi lathu la imelo, fomu yobukitsira chipinda ya pa webusaiti, ndi pulogalamu ya maakaunti yomwe imatumiza mainvoisi.

Fomu ija ndiyo inali yovuta kwambiri, ndipo ndikukhulupirira kuti maloji ambiri kuno ali ndi vuto lomwelo osadziwa. Mlendo akalemba pa fomu, webusaiti inkatitumizira uthengawo ngati kuti wachokera ku adiresi ya mlendoyo, tinene ya Yahoo. Koma seva yathu si ya Yahoo, ndiye kwa wolandira chimenecho n'chinyengo, ndipo uthengawo unkatayidwa usanafike. Anthu ankabukitsa ife osaona kanthu. Kukonza kwake kunali kuti fomu izitumiza ndi adiresi ya domain yathu, kudzera pa SMTP (njira yotumizira imelo) yolowa ndi pasiwedi pa port 587, adiresi ya mlendo n'kuikidwa pa Reply-To, malo osonyeza kumene yankho lipite. Chichitireni zimenezi sitinalandirenso dandaulo lakuti munthu analemba pa fomu ife osayankha. Pa ine, ichi chokha chinabweza mtengo wa ntchito yonse.

Miyezi yoyamba zinayenda bwino kwambiri. Chapakati pa dzinja maimelo opita ku maadiresi ena a makampani anayambanso kubwerera. Nthawi imeneyi ndinawerenga ndekha uthenga wobwererawo, ndipo munatchulidwa Spamhaus, bungwe losunga mndandanda wa otumiza spam. Titayang'ana pa webusaiti yofufuzira ya MXToolbox tinapeza kuti IP (nambala yozindikiritsa seva pa intaneti) ya seva imene tinkagwiritsa ntchito yaikidwa pamndandanda wa otumiza spam. Wolakwa sanali ife. Pa hosting (malo obwereka osungirapo webusaiti ndi imelo) yotsika mtengo mumagawana IP imodzi ndi mawebusaiti ambirimbiri, ndipo imodzi ikaberedwa n'kuyamba kumwaza spam, nonse mumada. Apa SPF ndi DKIM zimadutsa bwinobwino koma imelo imakanidwabe, ndipo wopempha kuti IP ichotsedwe pamndandandawo ndi mwini seva, inu mulibe mphamvu. Tinadikira, inachotsedwa, kenako inabwereranso. Ndi pamene tinasamutsa mabokosi athu kupita ku kampani yomwe ntchito yake ndi imelo basi, webusaiti n'kuisiya pomwe inali. Kusamukako kunali kusintha MX (mzere wa DNS wolozera kumene maimelo athu azifikira), kuika SPF ndi DKIM zatsopano, ndi kukopera maimelo akale pa IMAP, njira yolumikizirana ndi bokosi la imelo. Mwana wa achemwali anga uja anatsitsa TTL, nthawi imene maseva ena amasungira mizere yakale ya DNS, dzulo lake kuti kusinthako kufalikire msanga, ndipo palibe imelo inasowa.

Kodi kulipirako n'koyenera? Kwa ife inde, ngakhale kumapweteka. Mtengo wake ndi wa madola, pa bokosi lililonse, ndipo aliyense amene amalipira zinthu zakunja akudziwa mmene zinakhalira kwacha itatsitsidwa ndi 44% mu Novembala 2023, ndi mmene ndalama zakunja zikuvutira kupeza. Tinachepetsa mabokosi kukhala awiri okha, maadiresi enawo n'kukhala ma alias olowera momwemo, ndipo timalipira chaka chonse kamodzi kuti khadi isatikanike pakati pa nyengo ya alendo. Koma ndinene mosabisa: tikanangosamuka osakonza fomu ndi timizere ta DNS, ndalamazo zikanapita pachabe. Anzanga ena amathamangira kusintha kampani asanawerenge ngakhale uthenga umodzi wobwerera, ndipo vuto limawatsatira komweko.

Chimene sindinkayembekezera kuti ndichikonda ndi malipoti a DMARC. Amabwera tsiku ndi tsiku kuchokera kwa olandira akuluakulu, ali ma XML opanikizidwa mu zip, osawerengeka ndi maso. Tinawalozera ku chida chaulere chomwe chimatumiza chidule kamodzi pasabata, ndipo Lolemba m'mawa ndimachiyang'ana ndisanatsegule buku la alendo. Kawiri konse chatipulumutsa.

Koyamba, munthu wina amene tinamulemba ganyu yokonzanso webusaiti anawonjezera SPF yachiwiri m'malo mophatikiza ndi yomwe inalipo. Domain imayenera kukhala ndi mzere umodzi wokha woyamba ndi v=spf1. Ikakhala iwiri zotsatira zake ndi permerror, ndipo yonse imakhala yopanda ntchito. Maimelo ambiri ankafikabe chifukwa DKIM inkadutsa, ndiye pakanapanda lipoti lija sitikanazindikira msanga. Pokonza tinaphunziranso kuti SPF siloledwa kupyola ma lookup 10 a DNS, kutanthauza maulendo ofunsa ku DNS, ndipo include iliyonse, mawu owonjezera maseva a kampani ina, imadya nawo, choncho osamangowonjezera chilichonse chimene kampani yakuuzani osachotsa zakale.

Kachiwiri kanandiopsa. Lipoti linaonetsa maseva akunja, omwe sitiwadziwa, akutumiza maimelo m'dzina la domain yathu. Loji imatumiza mainvoisi okhala ndi nambala ya akaunti ya kubanki, ndipo sipafunika nzeru zambiri kuona chimene wakuba angachite ndi dzina lathu. Panthawiyo DMARC yathu inali pa p=none, kutanthauza kuti olandira azingotiuza osachitapo kanthu. Tinaikweza kufika pa p=quarantine kuti zabodzazo zizipita mu spam. Ndinalembanso pa invoisi iliyonse kuti akaunti yathu sisintha kudzera pa imelo, ndipo wokayika aimbe foni, chifukwa DMARC siletsa munthu kugula domain yofanana ndi yanu yosiyana chilembo chimodzi.

Malipotiwo anandionetsanso chifukwa chake DKIM ndi yofunika kuposa mmene anthu amaionera. Alendo ambiri ochita kafukufuku, obwera ku National Archives kapena ku yunivesite, amalemba ndi maadiresi a masukulu awo omwe amapatsira maimelo ku Gmail. Imelo ikapatsiridwa choncho SPF kawirikawiri imalephera, poti seva yomaliza kuitumiza si yanu, koma chidindo cha DKIM chimayenda nayo bola mawu asasinthidwe. Amene anaika SPF yokha n'kumati wamaliza, anthu ngati amenewa akhoza kumawaphonya.

Zida zina ndizitchule mwachangu. Mail-tester, webusaiti yoyesera imelo, imapereka malikisi pa 10 ndipo ndi yabwino pogwira zolakwika zoonekeratu, koma 10 pa 10 si lonjezo lakuti imelo ilowa mu inbox. Google Postmaster Tools inapangidwira otumiza ambiri, ndiye kwa ife otumiza ochepa masamba ake amangokhala opanda manambala.

Pali mavuto amene zonsezi sizinathetse ndipo sizingathetse. Adiresi yolembedwa molakwika imabwerera ndi 550 5.1.1, ndipo zimachitika kwambiri munthu akatchula adiresi pafoni kapena kulemba ndi dzanja m'buku. Masiku ano timapempha kuti aitumize pa WhatsApp tingokopera. Bokosi lodzaza nalonso ndi lofala: Gmail yaulere ili ndi 15 GB yogawana ndi Drive komanso Photos, ndipo anthu ambiri amaidzaza ndi zithunzi osadziwa kuti maimelo asiya kulowa. Zithunzi za holo yathu ya misonkhano zinkakanidwanso chifukwa cha kukula. Malire a Gmail ndi 25 MB, ndipo fayilo ikamangiriridwa ku imelo imafufuma pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, ndiye tinayamba kutumiza linki. Ndipo mvula ikagwa mwamphamvu, magetsi n'kuthima, netiweki n'kugwa, imelo imakhala mu Outbox wolembayo akuganiza kuti yapita. Ndinawauza atsikana a pa risepushoni kuti asamanene kwa kasitomala kuti tatumiza asanaione mu Sent. Chotonthoza n'chakuti maimelo obwera satayika pa nthawi ngati imeneyi, chifukwa amafikira pa seva osati pa kompyuta yathu, ndipo ngakhale sevayo itagwa, yotumiza imayesabe kwa masiku angapo isanagonje.

Nkhani ya moni wa Khrisimasi tinakambirana kwambiri ndi eni loji. Iwo ankafuna kuti alendo onse akale alandire uthenga umodzi pa BCC, pomwe olandira saonana maadiresi, monga mwa chizolowezi. Ndinawapempha kuti tisatero. Gmail imafuna kuti madandaulo a spam asafike 0.3%, omwe ndi anthu atatu pa 1,000 alionse, ndipo mndandanda wakale umakhala wodzaza ndi maadiresi akufa komanso anthu amene anatiiwala. Mbiri ya domain ikaipa, ovutika ndi makotesheni ndi mainvoisi omwe amatibweretsera ndalama. Tinatumiza kwa okhawo amene anavomera kulandira nkhani zathu, pang'onopang'ono, ndi linki yodzichotsera pansi pake. Abwana sanakondwe poyamba chifukwa mndandandawo unachepa kwambiri, koma mayankho anabwera ndipo palibe chinasokonekera. Mu Meyi 2025 Microsoft nayo inayamba kufuna SPF, DKIM ndi DMARC kwa otumiza ambiri ku Outlook ndi Hotmail. Ife sizinatigwedeze poti zonse zinali kale m'malo.

Chatsala ndi kufika pa p=reject, pamene olandira amakaniratu imelo yabodza. Mwana wa achemwali anga akufuna titero msanga, ine ndikuti tidikire. Pulogalamu ya maakaunti imadutsa SPF ndi domain ya kampani yake osati yathu, ndipo DMARC imafuna kuti domain yodutsayo igwirizane ndi imene ikuoneka pa From. Tinaika ma CNAME, timizere tina ta DNS, oti izidinda DKIM m'dzina lathu, koma malipoti akuonetsabe mainvoisi ena, makamaka zikumbutso zongodzitumiza zokha, akutuluka opanda chidindocho. Pa quarantine invoisi yotero imagwera mu spam ndipo kasitomala angathe kuipeza tikamuimbira. Pa reject siifika n'komwe. Talembera eni pulogalamuyo, ndipo tikaona mwezi wathunthu wa malipoti oyera tidzasintha, makamaka mu Febuluwale pamene alendo amachepa.