Yankees ya nthawi zonse: Mantle kapena DiMaggio, nanga Judge timuike pati?

Posankha timu ya baseball ya New York Yankees ya nthawi zonse pali malo ena oti mkangano palibiretu. Pa first base ndi Lou Gehrig basi, munthu anasewera magemu 2,130 motsatizana osajombako olo kamodzi, ma home run (kumenya mpira n'kuzungulira ma base onse, kawirikawiri utadumpha mpanda) 493, average (ma hit pa mpata uliwonse womenya) ya .340, ndipo akanapitirizabe pakanapanda matenda a ALS amene anamutenga mu 1941 ali ndi zaka 37 zokha. Don Mattingly anali dolo, MVP (wosewera wopambana onse mu ligi) wa 1985, koma apa akhale kaye pabenchi. Wotseka gemu ndi Mariano Rivera wa ku Panama uja, ma save (magemu omwe anateteza chitsogozo mpaka kumapeto) 652 ndi kaponyedwe kamodzi komweko ka cutter, womenya aliyense akudziwiratu chomwe chikubwera koma bat n'kumamuthyokerabe m'manja. Mu 2019 analowa mu Hall of Fame, nyumba yolemekeza akatswiri a baseball, ndi mavoti onse, woyamba kutero.

Phokoso lenileni lili ku outfield, kumtunda kwa bwalo kufupi ndi mpanda, malo ndi atatu koma anthu ndi anayi: Babe Ruth, Joe DiMaggio, Mickey Mantle ndi Aaron Judge.

A mbali ya DiMaggio amayambira pa 56, ndipo sindiwanena. Mu 1941 mkuluyu anamenya hit m'magemu 56 motsatizana, mpaka lero palibe wafikapo. Anasewera masizoni 13 okha n'kutenga World Series, chikho chachikulu cha baseball, ka 9, komanso musaiwale kuti 1943, 1944 ndi 1945 anali ku usilikali nthawi ya nkhondo, zaka zomwe thupi linali pachimake penipeni. Nambala yomwe ine imandizunguza mutu ndi iyi: ma home run 361, ma strikeout (kutuluka utalephera mipira itatu) 369 moyo wake wonse. Masiku ano womenya mwamphamvu amatha kufika ma strikeout 369 m'masizoni awiri okha. Onjezerani nkhani ya bwalo, Yankee Stadium yakale ija mpanda wa kumanzere chapakati unali kutali kupitirira mafiti 450, anthu ankangokutchula kuti Death Valley, ndipo DiMaggio poti ankamenyera kumanja mipira yake yambiri inkapita komweko kukafera m'magolovesi, pomwe anzake omenyera kumanzere mpanda wawo unali pafupi, mafiti 296 pamzere.

Koma ine mutandipanikiza kuti malo ndi amodzi, poti awiriwa onse ankasewera pakati pa outfield, ndikutenga Mantle. Ankamenyera mbali zonse ziwiri, ma home run 536, ndipo mu 1956 anatsogola ligi pa zonse zitatu, average .353, ma home run 52, ma RBI (ma run olowa chifukwa cha kumenya kwake) 130. Ma home run 18 mu World Series, rekodi imeneyo ikadali yake. Ena amaloza average, eti DiMaggio .325 Mantle .298, nde wamkulu ndani pamenepa? Average sikuuza zonse akuluakulu. Mantle ankadziwa kusiya mpira woipa udutse n'kuyenda ulele kupita pa first base, nde mukawerenga kangati munthu anafika pa base, Mantle ali pa .421 pomwe DiMaggio ali pa .398. Ma MVP onse ali nawo atatuatatu, apo afanana.

Ndipo zonsezi Mantle anazichita ndi bondo lowonongeka. Gemu yachiwiri ya World Series ya 1951, akusewera ndi New York Giants, iye ali ndi zaka 19 ali ku right field, Willie Mays anamenya mpira m'mwamba pakati pa iye ndi DiMaggio, DiMaggio anakuwa kuti ndi wake, Mantle poima mwadzidzidzi nsapato inakodwa pa chivindikiro cha ngalande ya madzi m'kapinga, bondo n'kupita. Anasewera mpaka 1968 akumanga mabandeji m'miyendo gemu iliyonse. China chomwe anthu sakonda kuchitchula, mpaka 1947 pomwe Jackie Robinson analowa ku Brooklyn Dodgers ligi inali ya azungu okhaokha, nde Ruth ndi Gehrig moyo wawo wonse komanso DiMaggio zaka zake zambiri sankapikisana mu ligi ndi akatswiri akuda. Mantle anayamba chitseko chitatseguka kale, ngakhale American League inkachita ulesi kuwatenga, a Yankees enieniwo anadikira mpaka 1955 kuti aseweretse Elston Howard.

Mwayi wake malo si amodzi. DiMaggio akhale pakati poti powakha mpira anali waukhondo, Mantle apite kumanzere. Wina ati kusuntha munthu ndi kubera, koma si tangoona kuti mu 1951 awiriwa anaseweradi limodzi Mantle ali m'mbali?

Ruth ndi Judge tsopano. Apa sindikufunsa kuti wamkulu ndani, Ruth ndi Ruth. Atamugula kuchokera ku Boston Red Sox, sizoni yake yoyamba ya 1920 anamenya ma home run 54, kuposa timu ina iliyonse yathunthu mu American League, munthu mmodzi kuposa matimu. Mu 1927 anafika 60 m'sizoni ya magemu 154, ndipo mwa ma home run ake 714, okwana 659 anamenya atavala jezi ya Yankees. Judge naye 62 ake a mu 2022 anaphwanya rekodi ya American League, 61 ya Roger Maris ya 1961, m'sizoni ya magemu 162 inde, koma akukumana ndi ma pitcher oponya mamailosi 100 pa ola amene amangosinthana ali fuleshi, zomwe Ruth sanazione. Omutsutsa amati alibe mphete ya owina World Series, n'kukumbutsa gemu yachisanu ya World Series ya 2024, Yankees ikutsogola 5-0 Judge anagwetsa mpira wophweka mu inning yachisanu, Dodgers n'kubweza zonse n'kuwina 7-6 kunyamula chikho pakhomo pa eni ake. Zinawawa, koma mphete ndi ya timu, Yankees ili ndi zikho 27 ndipo ambiri ovala mphetezo ankangotenthetsa benchi. Ine Judge ndikumuika ku right field chifukwa cha dzanja lake ndi msinkhu wa mamita awiri uja, Ruth akhale DH, wosapita kukawakha mpira, azingomenya. Reggie Jackson pepani, ma home run atatu pa mipira itatu mu gemu ya 6 ya World Series ya 1977 sitidzaiwala, koma masizoni asanu okha ndi ochepa.

Kwa catcher nambala 8 anaipumitsa polemekeza anthu awiri, Bill Dickey ndi Yogi Berra. Dickey average .313, ndipo ndi yemwe anaphunzitsa Berra ntchito ya kuseri kwa plate, koma wophunzira anapitirira mphunzitsi: ma MVP atatu, ma home run 358, mphete 10. Thurman Munson akanalowa mu mkanganowu bwinobwino pakanapanda ngozi ya ndege ya 1979.

Shortstop ndi Derek Jeter, ma hit 3,465, ngakhale owerengera za defence amati mipira yambiri inkamudutsa cha kumanzere kwake ndipo ma Gold Glove ake asanu anali a dzina. Mwina n'zoona, koma Phil Rizzuto sangamuchotse. Pa second base ndatenga Robinson Canó, .309 ndi ma home run 204 ali ku Yankees, patsogolo pa Tony Lazzeri, Willie Randolph ndi Joe Gordon amene analanda MVP ya 1942 pamaso pa Ted Williams.

Third base ndi pomwe timadana. Pa manambala Alex Rodriguez alibe mnzake, MVP 2005 ndi 2007, ma home run 351 ku Yankees, ndipo chikho cha 2009 anachisenza ndi iyeyo, ma home run 6 mu playoffs. Koma anavomera yekha kuti ankagwiritsa ntchito mankhwala owonjezera mphamvu ali ku Texas, kenako anaimitsidwa sizoni yonse ya 2014 atavala jezi yomweyi. Mundifunsa za Canó, eya nayenso anaimitsidwa, koma mu 2018 ndi 2021 atachoka kale, ine ndikuwerenga zomwe zinachitika munthu ali ku Bronx, kwawo kwa Yankees. Graig Nettles average yake sinkafika olo .260, koma ma home run 250 ndi golovesi lija, gemu yachitatu ya World Series ya 1978 Yankees itagonja kale kawiri, ankadziponya pansi kutchinga mipira ya Dodgers yoti ikanalowetsa anthu, timu n'kuwina magemu anayi otsatizana. Ndikutenga Nettles. Pamzere woti muli Ruth, Gehrig, Mantle, DiMaggio ndi Judge sindikusowa bat ina, ndikusowa munthu wotseka chibowo cha pambali pa Jeter.

Woponya woyamba, ya sizoni yonse ndi Whitey Ford, anawina magemu 236, 10 mwa World Series pamwamba, ndipo Red Ruffing ndi Andy Pettitte azibwera pambuyo pake. Koma ikakhala gemu imodzi yoti wagonja wapita kwawo, mpira ndikupatsa Ron Guidry wa 1978, amene anawina 25 n'kugonja katatu kokha ndi ERA (ma run omwe ankalola pa ma inning 9) ya 1.74, aponye mpaka inning ya 8 kenako Rivera atseke.